Thupi Likaukira Mwini Wake: Zimene Makolo Amapatsira Ana Awo

Nkhani ya zaumoyo ya sabata ino ikunena za gulu la matenda amene sabwera ndi udzudzu, sachokera m'madzi oipa, ndiponso sapatsirana. Matenda amenewa amayamba pamene chitetezo cha m'thupi, chimene ntchito yake ndi kulimbana ndi tizilombo, chatembenuka ndi kuyamba kuwononga thupi limene chiyenera kulisunga. M'midzi ndi m'matauni mumapezeka mayi amene mfundo za zala zake zinatupa mpaka kupindika, kapena mtsikana amene khosi lake lakula, maso atong'oka, mtima ukuthamanga, ndipo akuonda ngakhale kuti akudya bwino. Abale akakumbukira kuti azakhali a wodwalayo anadwalanso chimodzimodzi, amayamba kunong'onezana kuti pabanjapo pali tsoka, kapena kuti alipo wina amene akuchita zoipa. Anthu amadana, ndipo maukwati ena amagwedezeka, chifukwa cha matenda amene gwero lake madokotala akulidziwa. Funso loyenera kuyankhidwa ndi lakuti: kodi n'chiyani kwenikweni chimene makolo amapatsira ana awo pa matenda otere?

Poyamba ndi bwino kudziwa m'mene chitetezo chimagwirira ntchito. M'magazi a munthu aliyense muli maselo oyera, amene anthu anazolowera kuwatchula kuti asilikali a m'thupi. Mwa asilikali amenewa, magulu awiri ndiwo ofunika pa nkhani ino. Gulu loyamba, lotchedwa maselo a B, lili ngati amisiri osula mivi. Mivi yawo ndi timapuloteni totchedwa maantibodi, ndipo uliwonse umasulidwa kuti ukalase mdani mmodzi yekha, kotero kuti muvi wa chikuku sungathe kulasa kafumbata. M'gulu lachiwiri, la maselo a T, ndimo muli akuluakulu a nkhondo. Mmisiri sasula mivi yamphamvu ndi yokhalitsa popanda chilolezo cha mkulu wa nkhondo. Katemera amene ana amalandira ku sikelo amadalira mgwirizano wa magulu awiriwa.

Kwa nthawi yaitali akatswiri ankakayika zoti mivi imeneyi ingalase mwini wake. M'chaka cha 1901 dokotala wa ku Germany, Paul Ehrlich, anaphunzitsa kuti thupi lili ndi njira zodziletsera kuti lisadziphe lokha, ndipo ambiri anamva ngati akunena kuti zimenezi sizingachitike n'komwe. Koma m'chaka cha 1956 Deborah Doniach ndi Ivan Roitt, pa chipatala cha Middlesex ku London, anapeza m'magazi a odwala ena maantibodi olimbana ndi chithokomiro cha odwala omwewo. M'chaka chomwecho ku Dunedin, m'dziko la New Zealand, Duncan Adams ndi Herbert Purves anapeza chinthu china m'magazi a anthu odwala matenda a Graves, aja otong'ola maso ndi kuthamangitsa mtima, ndipo patapita zaka zowerengeka chinadziwika kuti nachonso ndi antibodi. Antibodi ameneyu amakakamira pa chithokomiro ndi kuchifulumizitsa usana ndi usiku. Matendawa ndi osiyana ndi kutupa kwa khosi kumene kumadza chifukwa chosowa mchere wa ayodini m'chakudya.

Umboni wina unachokera ku matenda otchedwa myasthenia gravis, amene amafooketsa minofu mpaka zikope kumagwa zokha ndipo kumeza kumavuta. Mayi wodwala matendawa nthawi zina amabereka mwana wofooka, wolephera kuyamwa bwino. Koma pakapita masabata ochepa mwanayo amapeza mphamvu, chifukwa maantibodi a mayi amene anadutsa kupita kwa iye ali m'mimba amakhala atatha m'magazi ake. Apa zikuoneka poyera kuti chimene chimafooketsa minofu ndi antibodi. Komabe funso lalikulu linatsala: n'chifukwa chiyani thupi la munthu wina limasula mivi yolakwikayi pamene la mnzake silisula?

Yankho lake lili m'majini. Mawu amenewa asasokoneze omvera, pakuti sakunena za mizimu imene ena amaitchula ndi dzina lofananalo. Majini a sayansi ndi malangizo olembedwa m'kati mwa selo lililonse la thupi, amene mwana amalandira theka kwa bambo ndi theka kwa mayi. Malangizowa anasanjidwa pa timizere 46 totchedwa makromozomu, timene timakhala tiwiritiwiri, kupanga magulu 23. Ndiwo amachititsa kuti mwana atenge mphuno ya atate ake kapena msinkhu wa ambuye ake, ndipo akale anaziona zimenezi pamene ananena kuti make mbuu, mwana mbuu.

M'chaka cha 1963 Baruj Benacerraf, akugwira ntchito ku New York, anabaya mbira zambiri mankhwala amodzimodzi opangidwa ndi anthu. Mbira zina zinapanga maantibodi ambiri, zina sizinapange n'komwe, ndipo atazikweretsa anaona kuti khalidweli likuyenda m'mtundu. Patapita zaka zochepa Hugh McDevitt anapeza zofananazo mwa mbewa, nasonyeza kuti jini yolamulira zimenezi ili pamalo amodzi ndi majini amene amachititsa thupi kukana khungu kapena chiwalo chochokera kwa wina. Mwa anthu, chizindikiro choyamba cha gulu limeneli chinali chitapezedwa kale m'chaka cha 1958 ndi Jean Dausset wa ku Paris, pofufuza magazi a odwala amene anathiridwa magazi kambirimbiri. Gululi linatchedwa HLA, ndipo majini ake ali pa kromozomu ya nambala 6. M'chaka cha 1980 Dausset, Benacerraf ndi George Snell analandira mphotho ya Nobel chifukwa cha ntchito imeneyi.

Nanga HLA amachita chiyani? Mkulu wa nkhondo uja, selo la T, sangathe kuona mdani payekha. Pali maselo ena olondera amene amatola chilichonse chimene apeza m'thupi, kuchiphwanya m'tizidutswa, ndi kuika kachidutswa kamodzi pa kambale kuti akaonetse mkuluyo. Kambale kameneko ndiko HLA. M'chaka cha 1987 Pamela Bjorkman, Don Wiley ndi Jack Strominger a pa yunivesite ya Harvard anaona maonekedwe ake kwa nthawi yoyamba, napeza kuti pamwamba pake pali kangalande m'mene kachidutswa kamagonamo. Kangalandeka sikafanana mwa anthu onse. Mitundu ya majini a HLA imene yadziwika padziko lonse ndi yoposa 30,000, ndipo uliwonse umagwira bwino tizidutswa tina ndi kulephera kugwira tina. Munthu amatenga gulu limodzi la timbale timeneti kwa bambo ndi lina kwa mayi, chotero mwayi woti ana awiri a bere limodzi afanane kotheratu pa HLA ndi umodzi mwa 4.

Olondera aja satola za adani zokha. Amatolanso tizidutswa ta thupi lenilenilo. Pa chifukwa ichi maselo a T amayamba aphunzitsidwa m'kachiwalo kotchedwa thymus, kamene kali kuseri kwa fupa la pachifuwa. Kumeneko amaonetsedwa tizidutswa ta thupi pa timbale ta HLA. Selo limene lakwiya kwambiri poona za mwini wake limaphedwa, ndipo ena amasandulizidwa kukhala oleretsa, amene ntchito yawo ndi kuletsa anzawo kuukira thupi. Oleretsa amenewa anawafotokoza bwino Shimon Sakaguchi wa ku Japan m'chaka cha 1995, ndipo m'chaka cha 2025 iye pamodzi ndi Mary Brunkow ndi Fred Ramsdell analandira mphotho ya Nobel. Chotero maonekedwe a kambale amene munthu anabadwa nawo amakhudza zinthu ziwiri: maphunziro a asilikali ake, ndi zimene asilikaliwo adzaonetsedwa moyo wake wonse.

Chitsanzo chomveka bwino koposa ndi matenda a Goodpasture, amene dzina lake linachokera kwa Ernest Goodpasture, dokotala wa ku America amene m'chaka cha 1919 analemba za mnyamata wa zaka 18 amene anamwalira akukhosomola magazi, impso zake zitawonongeka. Pa matenda amenewa maantibodi amalasa kachikopa kopyapyala kamene kamasefa magazi mu impso, kamenenso kamapezeka m'mapapo. M'chaka cha 1967 madokotala a ku California anatenga maantibodi kuchokera mu impso za odwala ndi kuwabaya mwa anyani, ndipo impso za anyaniwo zinadwala. Pambuyo pake kunapezeka kuti pafupifupi odwala 3 mwa 4 alionse ali ndi mtundu wa HLA wotchedwa DR15, pamene mwa anthu wamba a ku Ulaya mtunduwu umapezeka mwa munthu mmodzi mwa 4 kapena kuyandikira apo. Kunapezekanso kuti mtundu wina, DR1, umateteza.

Chifukwa chake chinaululika m'chaka cha 2017 pa yunivesite ya Monash ku Melbourne, m'dziko la Australia. Joshua Ooi, Richard Kitching, Jamie Rossjohn ndi anzawo anaona kuti timbale tonse tiwiri, DR15 ndi DR1, timatha kunyamula kachidutswa kamodzimodzi ka chikopa cha impso chija, koma timakagoneka mosiyana, kotero kuti mbali imene selo la T limaiona imakhalanso yosiyana. Kachidutswako kakakhala pa DR15, maselo a T amene amadzuka amakhala aukali, okhoza kulamula kuti mivi isulidwe. Kakakhala pa DR1, amene amachuluka ndi oleretsa. Ndipo munthu akatenga DR15 kwa kholo limodzi ndi DR1 kwa linalo, oleretsa ndiwo amapambana. Koma chofunika kuchigwira ndi ichi: anthu mamiliyoni ambiri ali ndi DR15, komabe matenda a Goodpasture amagwira pafupifupi munthu mmodzi yekha mwa miliyoni imodzi pa chaka. Jini imangotsegula khomo, ndipo pamafunika chinthu china kuti matenda alowe. Mwachitsanzo, odwala amene mapapo awo amatuluka magazi kawirikawiri amakhala osuta fodya, chifukwa utsi umasupula mapapo ndi kuika poyera chikopa chimene chinali chobisika.

Fodya amatchulidwanso pa nyamakazi yotupitsa mfundo, imene madokotala amaitcha rheumatoid arthritis, ndipo imeneyi ndi yofala kwambiri kuposa matenda a Goodpasture. M'chaka cha 1978 Peter Stastny wa ku Dallas anasonyeza kuti odwala ambiri ali ndi mtundu wa HLA wotchedwa DR4, ndipo m'chaka cha 1987 kunadziwika kuti mitundu ingapo yoika munthu pangozi imafanana pa kachigawo kamodzi ka m'mbali mwa kangalande kaja. Utsi wa fodya umasintha pang'ono mapuloteni a m'mapapo, ndipo tizidutswa tosinthikato timakwana bwino m'kangalande ka mtundu umenewu. Kafukufuku wa ku Sweden wa m'chaka cha 2006 anapeza kuti munthu wosuta amene anatenga jini yotere kwa makolo onse awiri ali pangozi yodwala nyamakazi ya maantibodi imeneyi mowirikiza ka 21 poyerekeza ndi munthu wosasuta amene alibe jiniyo. Maantibodiwo amatha kukhala m'magazi zaka zingapo mfundo zisanayambe kutupa.

Mapasa ndiwo amathetsa mkangano. Mapasa ofanana nkhope, ochokera m'dzira limodzi, ali ndi majini amodzimodzi. Matenda akanakhala kuti amachokera m'majini mokha, mmodzi akadwala mnzakenso akanadwala ndithu. Koma kafukufuku wa ku Britain wa m'chaka cha 1993 anapeza kuti mmodzi akadwala nyamakazi yotupitsa mfundo, mnzake amadwalanso pa mapasa 15 okha mwa 100 alionse. Pa mapasa osafanana nkhope chiwerengerocho chinali pafupifupi 4 mwa 100. Ziwerengero ziwirizi zikuphunzitsa zinthu ziwiri: kuti mtundu uli ndi gawo lake, pakuti 15 ndi wamkulu kuposa 4, ndiponso kuti gawo limenelo lili ndi malire, pakuti mapasa 85 mwa 100 sanatsatane pa matendawo.

HLA sali yekha pa ntchito imeneyi. Pa selo la B, mmisiri wa mivi uja, pali kachipangizo kotchedwa Fc gamma RIIb kamene kamaliuza kuti mivi yakwana, lileke kusula. Anthu ena amabadwa ndi jini imene imafooketsa kachipangizo kameneka, ndipo amene anaitenga kwa makolo onse awiri ali pangozi yokulirapo ya matenda a lupus. Matendawa amabweretsa zidzolo m'masaya, kuphwanya kwa mfundo, kuthothoka kwa tsitsi, kutentha thupi ndi kuwonongeka kwa impso. Mwa odwala 10 alionse, pafupifupi 9 amakhala akazi, ndipo ku America ndi ku Britain matendawa amapezeka kwambiri mwa anthu akuda kuposa mwa azungu.

Wina angafunse kuti, ngati majini otere amabweretsa mavuto, bwanji sanathe kalekale? Mbali ina ya yankho ili mu Africa muno, ndipo dzina lake ndi malungo. M'chaka cha 1991 Adrian Hill ndi anzake anapeza ku Gambia kuti ana okhala ndi mtundu wa HLA wotchedwa B53 sagwidwa kawirikawiri ndi malungo aakulu, ndipo mtundu umenewu ndi wofala kumadzulo kwa Africa koma wosowa ku Ulaya. M'chaka cha 2010 akatswiri a pa yunivesite ya Cambridge ndi anzawo a ku Kenya anasonyeza kuti jini yomwe ija yofooketsa kachipangizo ka pa selo la B imateteza ana a ku Kenya ku malungo aakulu, ndiponso kuti imapezeka kwambiri mwa anthu a ku Africa ndi a kum'mwera chakum'mawa kwa Asia, kumene malungo akhala akuvuta kwa zaka zikwi zambiri. Chitetezo chaukali chinapulumutsa ana ambiri a makolo akale, ndipo anawo anakula napatsira zidzukulu ukali womwewo. Walira mvula walira matope. Chimene banja lina limachiyesa tsoka chingathe kukhala chishango chimene chinasunga mtundu wawo.

Kuno ku Malawi, matenda a gulu limeneli amene akuvutitsa ana ambiri ndi a mtima oyamba ndi zilonda zapakhosi. Kachilombo kotchedwa streptococcus kakagwira pakhosi pa mwana, makamaka wa zaka za pakati pa 5 ndi 15, thupi limasula mivi yolimbana nako. Koma chovala cha kachilomboka chimafananako ndi mnofu wa mtima, chotero mwa ana ena miviyo imalasanso mavavu, timene ndi tizitseko ta mu mtima. Ana ambiri amadwala pakhosi, koma ndi ochepa amene mtima wawo umakhudzidwa, ndipo apanso majini ali ndi gawo. M'chaka cha 2017 kafukufuku wa pakati pa Aaborijini a kumpoto kwa Australia analoza majini a HLA, ndipo wina wa m'zilumba za m'nyanja ya Pacific analoza jini imene imapanga antibodi weniweniyo. Komabe chimene chimachulukitsa matendawa ndi kugona mothithikana ndi kuchedwa kulandira mankhwala. Kafukufuku wofalitsidwa m'chaka cha 2016 anaunika mitima ya ana 1,450 a m'boma la Lilongwe, napeza zizindikiro zoyamba za matendawa mwa ana oposa 3 mwa 100 alionse, ana amene ankaoneka athanzi. Ku Uganda, zotsatira zolengezedwa m'chaka cha 2021 zinasonyeza kuti mwa ana otere amene ankabayidwa penisilini pa masabata 4 alionse kwa zaka 2, matenda anakula mwa osakwana mmodzi mwa 100, pamene mwa osabayidwa anakula mwa 8.

Tsono yankho la funso loyamba lija ndi ili. Makolo amapatsira ana awo kapangidwe ka chitetezo: maonekedwe a timbale toonetsera adani, ndi mphamvu ya tizipangizo toletsa nkhondo. Kapangidwe kena kamaika munthu pafupi ndi matenda ena, kena kamamutalikitsa nawo, ndipo matendawo amabuka pokhapokha kapangidweko katakumana ndi zinthu zina, monga utsi wa fodya kapena kachilombo. Palibe kholo limene limasankha majini opatsa mwana wake, ndipo popeza majiniwo amachokera mbali zonse ziwiri, n'kulakwa kuloza chala akuchikazi kapena akuchimuna. Kuyeza HLA sikungauze munthu kuti adzadwala kapena ayi, pakuti ambiri okhala ndi mitundu yotchulidwa ija amakalamba osadwala. Wodwala angathe kudya mbale imodzi ndi anzake popanda kuwapatsira kanthu.

Munthu sangasinthe majini ake, koma zimene angathe kuchita zilipo. Banja limene lili ndi wodwala nyamakazi yotupitsa mfundo lili ndi chifukwa chachikulu chopewera fodya, kaya wa ndudu kaya wa chingambwe. Mwana amene akumva kuwawa pakhosi ndi kutentha thupi ayenera kuonedwa kuchipatala, ndipo makamaka ngati pambuyo pake mfundo zayamba kutupa kapena akupuma mobanika. Munthu amene mfundo za manja onse awiri zimauma m'mawa kwa masabata ambiri, amene akuonda mtima ukuthamanga, amene zikope zikugwa, kapena amene mkodzo wake ukuchita thovu kapena magazi miyendo ikutupa, asachedwe, ndipo auze dokotala ngati pali mbale wake amene anadwalapo zofanana. Mankhwala alipo: carbimazole amatontholetsa chithokomiro, methotrexate amateteza mfundo kuti zisapindike, ndipo hydroxychloroquine, mbale wake wa kolorokwini amene akuluakulu akumukumbukira pa malungo, ndiye mankhwala odalirika pa lupus. Onsewa amafuna kuyang'aniridwa ndi dokotala, ndipo kugula prednisolone pamsika ndi kumamwa mwachisawawa kumabweretsa mavuto ena aakulu. Mfundo ikapindika siwongokanso, ndipo vavu ya mtima ikawonongeka sibwerera mwakale, chotero nthawi yabwino yopitira kuchipatala ndi pamene zizindikiro zangoyamba kumene.